Zapabanja: Kodi Agogo a Keyala Aja Adali Yani?

Chaka ndi chaka, pa Sabata lachiŵiri la mwezi wa Novembala, akuluakulu a dziko lino amasonkhana pa chipilala cha ku Zomba ndi cha ku Lilongwe, nayala nkhata za maluŵa pokumbukira asilikali amene adamenya nkhondo zikuluzikulu ziŵiri zija. Lipenga limalira, anthu amakhala chete kwa mphindi ziŵiri, ndipo pambuyo pake aliyense amabwerera kwawo. Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo sitiunyoza ayi. Komatu chipilala chimakumbukira gulu. Sichidziŵa kuti uje adali wamtali kapena wamfupi, kuti adasiya mkazi ali ndi pakati, kapena kuti atabwerako sadafunenso kumva kulira kwa bingu. Kukumbukira munthu mmodzi, ndi dzina lake, mfunda wake ndi mudzi wake, ndi ntchito ya banja lake, ndipo ife tikuona kuti mabanja ambiri ntchitoyi ayilekerera.

Tayesani kufunsa mwana wa Sitandade 8 ngati m'banja mwawo mudali msilikali. Ambiri adzayankha mokondwa kuti inde, agogo awo a amayi adapita ku nkhondo. Nkhondo iti? Ya Hitler. Adakamenyera kuti? Kunja. Nanga dzina lawo adali yani? Apa mwana amaŵerama, nayamba kukanda pansi ndi chala. Sitingamdzudzule mwanayo, pakuti ife tomwe tidamphunzitsa kuti kutchula dzina la munthu wamkulu nkupanda ulemu. Mwambowo ngwokoma munthu akali moyo, koma akamwalira umasanduka dzenje lokwiriramo dzina lake. Pakangopita mibadwo iŵiri, munthu amene adawoloka nyanja zamchere nayenda m'nkhalango za ku Burma amatsala ndi dzina limodzi lokha lakuti “agogo aja.”

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, monga timachitira pa phunziro la masamu. Mnyamata amene adali ndi zaka 18 pamene nkhondo yachiŵiri inkatha mu 1945 adabadwa mu 1927. Wa ku Malaya amene adali ndi zaka 20 mu 1952 adabadwa mu 1932. Aliyense angathe kudzionera yekha kuti mwa anthu otere otsala ngoŵerengeka kwambiri. Tsono amene asunga mbiriyi lero ndi ana awo ndi adzukulu awo aakulu, amene adamva nkhanizo ndi makutu awo pamoto madzulo, ndipo iwonso imvi zili mbuu. Madzi akatayika sawoleka. Nchifukwa chake talemba nkhaniyi mwezi uno, osati chaka chamaŵa.

Choyamba nkudziŵa kuti ndi nkhondo iti, pakuti m'kamwa mwa anthu nkhondo zonse zasanganikirana. Dzina lakuti Keyala lidachokera ku zilembo zitatu K.A.R., ndiko kufupikitsa King's African Rifles, gulu limene Angerezi adalikhazikitsa mu 1902. Magulu aŵiri oyamba a Keyala adali a kuno ku Nyasaland, ndipo likulu lawo lidali ku Zomba. Ngakhale dzinali lisanabadwe, anyamata a kuno adali atatumizidwa kale kukamenya nkhondo ya Ashanti mu 1900, m'dziko limene lero tikuti Ghana, ndipo pambuyo pake ku Somaliland, kumene ambiri adathera pa nkhondo ya ku Gumburu mu 1903.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse makolo athu ankaitcha nkhondo ya chiŵaya, kutengera mfuti ija yolavula zipolopolo kosalekeza. Iyi siidali nkhondo yongoimvera kutali. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen idakawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, tsidya lija la nyanja yathu, kumene lero ndi ku Liuli. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho mfuti zidalira pa Karonga penipeni. Kuyambira 1916 asilikali a kuno, motsogozedwa ndi General Northey, adaloŵa m'dziko la Ajeremani limene lidadzatchedwa Tanganyika, nathamangitsana ndi von Lettow-Vorbeck m'mapiri ndi m'madambo, kuloŵa ku Mozambique, mpaka iye adatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918.

Pano tiime pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene mabanja ambiri sachidziŵa. Asilikali onyamula mfuti ochokera kuno pa nkhondoyi adali pafupifupi 19,000. Koma amtengatenga, amene adasenza ufa, zipolopolo, mahema ndi machira, adalembedwa pafupifupi 200,000, ngakhale kuti ena mwa iwo adatengedwa kaŵiri kapena katatu. Nthaŵi imeneyo anthu a dziko lonseli sadali kufika ndi 1,500,000 komwe. Ndiye kuti nkovuta kupeza mudzi umene sudapereke munthu. Ambiri sadapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa usiku, ena m'minda, mafumu atakakamizidwa ndi boma kuti apereke chiŵerengero. Adayenda opanda nsapato, chakudya chili choperewera, nafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala m'njira. Ochuluka a iwo sadalandire mendulo, ndipo maina awo sadalembedwe pa mwala. Banja likanena kuti, “Ife kwathu kudalibe msilikali, agogo adangokhala wamtengatenga,” ife timamva chisoni ndi mau akuti “adangokhala.” Popanda mutu wa wamtengatenga, msilikali sakadadya ndipo chiŵaya sichikadalira. Munthu ameneyo ayenera tsamba lake m'buku la banja, ndipo tsambalo lisachepe.

Pa nkhondo yachiŵiri, ya 1939 mpaka 1945, amuna a kuno pafupifupi 30,000 adavala yunifolomu. Ulendo wawo tingaulondole pa mapu a kusukulu. Adayambira ku Zomba, nakwera malole kudzera ku Tanganyika mpaka ku Kenya. Mu Julayi 1940 ena adatchinga Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Mu Ogasiti ena adamenya pa Tug Argan ku Somaliland. Chaka cha 1941 chidathera ku Ethiopia, kumene akuluakulu ankati ku Abisiniya, ndipo mzinda wa Gondar udagwa mu Novembala. Mu 1942 adali pa chilumba cha Madagascar. Kenaka adakwera sitima ku Mombasa kunka ku Ceylon, lero Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu 1944 adaloŵa m'dziko la Burma, lero Myanmar, kukakumana ndi Ajapani. Adatsika chigwa cha Kabaw mvula ya kumeneko ili pachimake, matope ofika m'mawondo, malungo ali ponseponse, mpaka adafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Mukamva agogo akutchula maina ngati ameneŵa, ngakhale atapotoka m'kamwa, alembeni monga mwaŵamvera. Wina adzaŵawongola pambuyo pake.

Itatha imeneyo padabwera ya ku Malaya, kumene gulu loyamba la Keyala lidapita mu 1952 ndipo lachiŵiri lidatsatira mu 1953. Graciano Matewere, amene mu 1972 adadzakhala Mmalaŵi woyamba kulamulira gulu lankhondo la dziko lino, adalandira mendulo ya kulimba mtima kumeneko. Mu 1964 gulu loyamba la Keyala lidasanduka Malawi Rifles, ndipo dzina lakale lidatsalira m'nyimbo ndi m'kamwa mwa okalamba.

Tsono tikadziŵa nkhondo, tifunefune bokosi. Pafupifupi msilikali aliyense adabwera ndi bokosi lachitsulo, ndipo m'menemo ndimo munkakhala kabuku ka malipiro, chikalata chomtulutsira usilikali, mendulo, chithunzi ndi makalata. Funso nlakuti bokosilo lidapita kuti. Kwa ife a chikamwini yankho lake nlopweteka pang'ono. Bambo adakhala pamudzi pa mkazi wake zaka makumi anayi, koma atamwalira, pa tsiku losudzula, abale ake adanyamula katundu wake kubwerera naye kwawo. Motero ana obereka yekha adatsala ndi nkhani zopanda mapepala, pamene ana a mlongo wake adatenga mapepala opanda nkhani. Mbali iliyonse ili ndi theka. Wofuna kulemba mbiriyi ayenera kuyenda midzi iŵiri, ndipo akafika kuchimuna apite ndi ulemu, nkhuku ili m'manja, osati monga wodzalanda chuma cha masiye. Anene poyera kuti wadzaona ndi kujambula chabe, zinthuzo azisiya pomwepo. Tikudziŵa mabanja amene adasiya kuyenderana chifukwa cha njinga kapena makina osokera a malemu. Mwina ulendo wotere ungatsegulenso njira imene idamera udzu.

Mendulo imalankhula kwa woidziŵa kuŵerenga. Za nkhondo yoyamba, zozungulira zija, zili ndi dzina, nambala ndi gulu la mwini wake zozokotedwa m'mphepete. Itembenuzeni cham'mbali padzuŵa ndipo mudzaziona. Za nkhondo yachiŵiri Angerezi adazipereka zopanda maina, koma nsalu yake imaulula kumene munthu adapita. Nyenyezi yolembedwa The Africa Star, ya nsalu ya mtundu wa mchenga yokhala ndi mzere wofiira pakati, ikutanthauza kuti mwini wake adamenya cha ku Ethiopia kapena ku Somaliland. Yolembedwa The Burma Star, ya nsalu yofiira pakati, m'mbali mwake yobiriŵira modera ndi timizere tachikasu chakupsa, ndi ya ku Burma. Ya ku Malaya ili ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa dzina la dzikolo, ndipo dzina la msilikali lili m'mphepete. Musazikweche ndi phulusa kapena mchenga monga tichitira ndi mapoto, chifukwa mungafafanize zilembo zomwezo zimene mukuzifuna. Ndipo musazigulitse. Alipo anthu oyendayenda ogula zinthu zakale; ndalama imene adzakupatsani idzatha pa msika umodzi.

Choposa zonse ndi nambala. Msilikali amaiŵala zambiri, koma nambala yake saiŵala, ndipo kaŵirikaŵiri mkazi wake ndi ana ake adaiŵeruka pamtima chifukwa choimva masiku onse. Manambala ambiri a asilikali a kuno pa nkhondo yachiŵiri amayamba ndi zilembo DN. Nambala ndi yofunika chifukwa dzina lokha limasokeretsa. Mnyamata adali ndi dzina la ubwana, dzina la kuchinamwali kapena kudambwe, dzina la ubatizo, ndipo pofika pamaso pa kalaliki wa ku Zomba mwina adatchula lina, makamaka ngati adathaŵa kwawo osatsazika. Kalalikiyo adalemba monga adamvera, kotero kuti Jemusi adasanduka James, ndipo dzina la bambo ake lidaloŵa m'malo mwa mfunda. Ena adadzitcha Ayao pomwe sadali Ayao, popeza Angerezi ankakhulupirira kuti Ayao ndiwo odziŵa nkhondo. Chotero lembani maina onse amene munthuyo ankadziŵika nawo, pamodzi ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lake, pakuti izi nzimene ankhondo ankalemba. Mabuku akale a ubatizo ndi a maukwati amene amasungidwa pa mipingo yathu angathandize kutsimikiza zaka, ndipo ofuna kuzama angathe kukafufuza ku National Archives ku Zomba.

Za kafunsidwe tinene mwachidule, chifukwa Mmalaŵi safuna kuphunzitsidwa kucheza. Musafike ndi mafunso makumi atatu ngati wapolisi. Khalani pansi, thandizani kutong'ola chimanga, ndipo yambani ndi zazing'ono: ankadya chiyani kumeneko, adabwera mwezi wanji, adatsikira pati, adamlandira ndani. Zazikulu zimabwera zokha. Foni ya m'manja ijambule mau, koma pemphani chilolezo poyamba, ndipo madzulo omwewo mulembe m'kope, pakuti foni imagwa m'madzi ndipo imabedwa. Musaiŵale kulemba amene wakuuzani, tsiku lake, ndiponso ngati adaziona yekha kapena adangomva. Aŵiri akasiyana mau, lembani zonse ziŵiri. Si ntchito yanu kugamula mlandu wa azakhali ndi amalume.

Ntchito yotere siyachilendo pakati pathu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adayenda m'midzi kufunsa okalamba, ndipo m'menemo mudatuluka buku la Mbiri ya Acheŵa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wina wa mbiri yakale, Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, adafunsa asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba amene adali akali moyo, ndipo mau awo adasungika m'buku lotchedwa The Chiwaya War, limene lidatuluka mu 2000. Akadazengereza zaka khumi zokha akadapeza mitumbira. Ndipo taonani ichi: George Shepperson, amene pamodzi ndi Thomas Price adalemba buku lalikulu la mbiri ya John Chilembwe mu 1958, adali ofesala wa asilikali a kuno ku Burma, ndipo chidwi chake pa dziko lino chidabadwira pakati pa anyamata amenewo. Ngati mlendo adaona kuti nkhani za agogo athu nzoyenera kuzitchera khutu, nanga ife eni ake?

Funsaninso amayi. Mbiri ya msilikali siili kunkhondo kokha. Theka lake lidatsala pakhomo. Ndani adalima munda zaka zinayi zija? Ndani adafolera nyumba? Kalata ikabwera, mayi wosadziŵa kuŵerenga ankapita nayo kwa mphunzitsi wa m'mudzi, ndipo zinsinsi za banja zinkadzera m'kamwa mwa munthu wapadera. Ena adadikira mokhulupirika mpaka tsiku lobwera. Ena adauzidwa kuti mwamuna adafa, nameta, nakwatiwanso, kenaka mwini wake natulukira ndi bokosi pamutu. Akazi ena adakhala ndi amuna awo m'malaini a ku Zomba, nalera ana pakati pa malipenga ndi perete. Dzina la mayi ameneyo lilembedwe pa tsamba lomwelo, ndi mfunda wake womwe.

Tsopano tifike pa gawo lovuta, limene ena angakonde kuti tilidumphe. Pa maliro timanena zabwino zokhazokha, ndipo nkoyenera kutero, pakuti pamenepo tikutonthoza olira. Koma buku la banja si mau a pamanda. Likadzaza ndi matamando okhaokha, adzukulu adzaliŵerenga kamodzi nkuliika pansi, chifukwa sadzapezamo munthu. Keyala lidali gulu la boma la atsamunda, ndipo lidagwira ntchito imene bomalo lidalituma. John Chilembwe, m'kalata yake ya mu Novembala 1914 yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, adadandaula kuti amphaŵi a kuno akufera nkhondo imene si yawo, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Patangopita miyezi iŵiri, mu Januwale 1915, asilikali a Keyala adali m'gulu la amene adatumidwa kukathetsa kuukira kwake, ndipo padaperekedwa mendulo yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915. Mu 1959 Keyala idagwiritsidwanso ntchito pa nthaŵi ya chipoloŵe. Lingakhalepo banja limene, potsegula bokosi, lidzapeza kuti agogo awo adaima mbali imene ife lero sitiiimbira nyimbo.

Kodi banja lotero litseke bokosi msanga? Ife tikuti ayi. Lilembe zimene zidachitika, lilembenso zimene zidamfikitsa munthuyo pamenepo: msonkho umene unkafunika chaka chilichonse, njala, mfumu imene idalamulidwa kupereka anyamata, kapena mtima wa unyamata wofuna kuona dziko ndi kuvala nsapato. Kufotokoza sikulungamitsa. Mbiri ya dziko lino njolukanalukana kuposa mmene mabuku a sukulu amaiikira. Duncan Njilima adanyongedwa ndi boma mu 1915 pomganizira kuti adali pamodzi ndi Chilembwe. Mwana wake Frederick, amene adali kunja pa maphunziro, adaloŵa gulu lankhondo la Angerezi omwewo, namenya ku France, nalandira mendulo ya kulimba mtima. Bambo ndi mwana, nyumba imodzi. Wolemba mbiri ya banja limenelo sangasankhe mmodzi nkutaya mnzake.

Chimodzimodzinso za mabala osaoneka. M'midzi yambiri mudali mkulu wina amene ana ankamuopa kapena kumseka: wolankhula yekha, wodzuka usiku nkumafuula malamulo a perete, woledzera mwezi ukangotha, wa dzanja lofulumira pa mkazi ndi ana. Anthu ankangoti nkhondo idamzunguza mutu, ena nkumati adapha munthu ndipo sadasambe mankhwala. Lero madokotala amadziŵa kuti zoopsa zimene munthu waona zimatha kumvulaza maganizo kwa moyo wake wonse, ndipo matendawo ali ndi chithandizo. Masiku amenewo padalibe womfunsa nkomwe. Ana amene adakulira m'nyumba yotere ali ndi zipsera zawo, ndipo tisaŵakakamize kunena zimene safuna. Koma akafuna kunena, tisaŵatseke pakamwa ndi mau akuti za malemu sanena. Mdzukulu akadziŵa za chigwa cha Kabaw, mwina adzamvetsa chifukwa chake agogo ake aakazi ankagoneka ana msanga tsiku la malipiro. Ndipo nkhani ina ikakhala yoti ingavulaze munthu amene akali moyo, ilembedwe pa pepala lapadera, lisungidwe ndi mwini mbumba kufikira nthaŵi yake.

Lembaninso za malipiro, chifukwa okalamba ambiri adapita ndi dandaulo limeneli kumanda. Mu 2019 atolankhani adaulula chikalata cha boma la Britain cha mu 1945 chosonyeza ndalama yothokozera asilikali a kum'maŵa kwa Africa: msilikali wamba wachizungu ankaŵerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wachikuda wa udindo womwewo ankaŵerengeredwa masheleni 3 ndi makobiri 6. Pamene agogo ankati adaŵanyenga, sikudali kulongolola kwa ukalamba.

Komabe tisamsiye munthuyo ali mu yunifolomu, ngati kuti moyo wake udatha tsiku limene adatula mfuti. Usilikali udali zaka zinayi kapena zisanu mwa zaka makumi asanu ndi aŵiri. Ambiri adabwera atadziŵa kuŵerenga, kuyendetsa galimoto, kumanga mabala, kusoka, ndiponso kulankhula Chiswahili. Ndi kandalama kaja ena adagula njinga, ena makina osokera, ena adatsegula kantini pamphambano. Ena adakhala amesenjala a kwa DC, alonda, akapitawo a m'minda ya tiyi, akulu a mpingo osunga nthaŵi kotero kuti mapemphero sankachedwa ndi mphindi imodzi yomwe. Ngakhale magule athu ali ndi chidindo chawo. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, beni wa ku Mangochi ndi ku Machinga, onsewo adatengera perete wa asilikali: mizere yowongoka, zovala zoyera zositidwa bwino, maudindo a mfumu ndi akapitawo, ndi zikho zolira ngati malipenga a bandi. Mnyamata amene amavina mganda lero akuponda mapazi a agogo ake osadziŵa.

Nanga amene sadabwerere? Kwa iwo kulibe bokosi, ndipo kaŵirikaŵiri kulibe ndi ana omwe. Amakumbukika ngati mlongo wa agogo amene adapita osabwerako. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasunga maina a akufa a nkhondo zonse ziŵiri, ndipo mwana aliyense wodziŵa intaneti angathe kufufuzamo ndi dzina kapena nambala. A ku Burma ambiri ali ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, kumene chipilala chake chili ndi maina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda awo sadziŵika. Ena ali pa chipilala cha ku Nairobi. Nsanja ya njerwa zofiira ya ku Zomba ili ndi maina oposa 1,000 a asilikali a nkhondo yoyamba, ndipo banja lodutsa kumeneko lingachite bwino kuima ndi kuŵerenga. Mukafufuza koma osapeza kanthu, musaganize kuti agogo ankanama. Mu 2021 bungwe lomwelo lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene adafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo lidapepesa. Kwa munthu wotere, kope la pasukulu limene mdzukulu wa mlongo wake adzalembemo dzina lake ndilo lidzakhale mwala wake woyamba.

Tisathere pa akufa okha. Pakati pathu pali amuna a mphamvu zawo ndithu amene adalondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique kuyambira 1987, ena amene adapita ku Rwanda mu 1994, ndi ena ambiri, amuna ndi akazi, amene atumikira ku Democratic Republic of Congo. Kumeneko, mu Novembala 2018, asilikali athu 6 adaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, amene adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala, adalemekezedwa ndi bungwe la United Nations mu Meyi 2019. Anzawo amene adabwerako timakhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu, timakwera nawo minibasi, koma ana awo omwe sadaŵafunsepo kanthu. Aŵa safunika kuŵafufuza ku Zomba kapena pa intaneti. Ali pakhonde.

Kwa inu achinyamata, tchuthi cha Khirisimasi chayandikira ndipo ambiri mudzapita kumudzi. Gulani kope la chikuto cholimba, ndipo mulembe ndi cholembera cha inki yosafufutika. Tsamba loyamba likhale la maina onse a munthuyo, mfunda wake, makolo ake, mudzi, mfumu ndi nambala yake. Masamba otsatira akhale a zimene mwamva, aliyense wokuuzani ndi tsamba lake. Zikalata zakale muzijambule ndi foni mbali zonse ziŵiri, koma musazimate ndi guluu kapena kuzipsereza m'pulasitiki, chifukwa zikamatidwa sizimatukanso. Zisungidwe m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Mukamaliza kope lija, mukopere lina: limodzi likhale kuchikazi, lina mukapereke kuchimuna kumene mudaona mendulo zija, ndipo mukaŵaŵerengere mokweza, pakuti pomva adzakumbukira zina zimene adaiŵala kukuuzani. Chotero musiye masamba angapo osalemba kumapeto.